Njere za mlombwa zipezeke m'masitolo athu

Akalipentala a ku Glen Norah ndi ku Glen View amaudziwa bwino mlombwa, umene kuno umatchedwa mukwa. Matabwa ake chiswe sichiwadya msanga, sapindika akamauma, ndipo amapalika mosavuta. N'chifukwa chake zitseko, matebulo ndi ng'oma za mlombwa zimakhalitsa. Koma mtengowu ukuchepa m'nkhalango, moti mu 2022 msonkhano wa CITES ku Panama udalamula kuti matabwa ake azituluka m'dziko ndi chilolezo.

Ife ogulitsa ndi ochulukitsa mbewu tili ndi gawo pamenepa. Njere ya mlombwa imakhala m'chikhokho cholimba chaminga, ndipo imavuta kumera ikapanda kusendedwa. Mbande nayo imauma kumtunda m'chilimwe kwa zaka zingapo, uku muzu ukukula pansi. Wosadziwa amaizula poyesa kuti yafa.

Choncho tisunge njere zosenda, zoyesedwa kameredwe, zolembedwa kumene zidatoledwa. Wogula timufotokozere zonsezi, timuuzenso poyera kuti odzacheka matabwawo ndi adzukulu ake. Tsiku lodzala mitengo, Loweruka loyamba la Disembala, lisatipeze ndi bulugamu yekha pashelefu.