Pulifekiti si wapolisi

Anzanga, teremu ino tikusankha mapulifekiti atsopano, ndiye ndati ndinenepo kanga tisanavote.

Chaka chatha tidasankha anthu chifukwa choti ndi madolo pa mpira, ena chifukwa cha mawu aakulu pa asembule. Zotsatira zake mwaziona nokha. Belu limalira mochedwa, zimbudzi zimatha sabata osakolopedwa, ndandanda wa osesa udangothera pakhoma. Koma kulemba maina a ochedwa, eee, pamenepo ndiye akatswiri!

Taganizani. Mwana wa Fomu 1 wayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje, mvula ili pamsana. Wafika 7:40. Pulifekiti akungomupatsa chikwakwa osamufunsa n'komwe, pomwe mnzake wa Fomu 4 walowa m'kalasi akuseka. Mwana uja waphonya masamu. Mawa kukagwanso mvula, abwera?

Ine ndikufuna munthu wodziwa kumva kaye asanalange, wogawa ntchito mosakondera, iye mwini n'kugwirako tsache. Woti choko chikatha kapena mabuku akamasowa mulaibulale azikauza ahedi popanda kunjenjemera. Kaya ndi mtsikana wofatsa amene sakuwa pa asembule, vuto palibe.

Akabwera kudzapempha mavoti, tiwafunse kaye za zimbudzi zija.