Tinatentha Chuma Poyesa Nsanza

Tsiku lina la msika m'chaka cha 2023 ndinaima pa Ulongwe kudikira minibasi ya ku Mangochi. Pafupi nane mnyamata wina anali atakhuthula belo la kaunjika pamphasa. Belo limeneli silinali la malaya kapena madiresi ayi, linali la zidole zaubweya, zija Azungu amati teddy bear. Zina zinali zopanda diso, zina zothothoka ubweya, ndipo zonse zinkanunkha mankhwala a m'belo. Anthu anaunjikana ngati pogulitsira chimanga chaka cha njala. Bambo wina anasankha chimodzi chong'ambika khutu nalipira osanenerera n'komwe. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo, mtsikana wina telala anali atapachika tinjovu ndi timvuu tosokedwa ndi zidutswa za chitenje. Ola lathunthu limene ndinaimapo, munthu mmodzi yekha ndiye anafunsa mtengo, ndipo ataumva anaseka nati, "Nsanza zomwezi, achemwali?"

Mawu amenewo anandilasa mtima chifukwa ndinawamvapo kale nthawi zosawerengeka ndili mwana. Tsono ndalemba nkhaniyi kuti nditsutsane ndi munthu uja, nditsutsane ndi abale anga, komanso ndi ine mwini. Mfundo yanga ndi yakuti chidole chosokedwa ndi manja ndi ntchito yaluso, yoyenera kulipidwa, yoyenera kudziwika dzina la mwini wake, ndiponso yoyenera kusungidwa. Ife Amalawi timaiyesa masewera, ndipo potero tikutaya chuma ndi manja athu omwe.

Mayi anga aang'ono anapuwala miyendo ndi poliyo ali wamng'ono. Popeza sakanatha kupalasa makina, ankasokera Singer yopukusa ndi dzanja pakhonde lina pa Ulongwe pomwepa. Masana ankasoka mayunifolomu ndi kuika zigamba. Madzulo ankatola zidutswa zonse zogwa pansi, naziika m'dengu, ndipo pa kuwala kwa koloboyi ankasoka zidole. Choyamba chimene anasoka anachita kutengera. Mlendo wina wopita kukaona nyama ku Mvuu anawabweretsera chidole cha mwana wake kuti achisoke pamimba. Iwo anachipasula chonse usiku, najambula chidutswa chilichonse pakatoni, nachilumikizanso kusanache. Paja mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa.

Amene amati chidole ndi nsanza sanaonepo m'mene chimapangidwira. Mutu wokha umafuna zidutswa zitatu, ziwiri za m'masaya ndi chachitatu choyambira pamphuno mpaka kunkhongo, ndipo chachitatuchi chikapendekeka pang'ono nkhope yonse imakhota. Zonse zimasokedwa chagada, kenaka n'kuzitembenuza pa kabowo koti chala chimodzi chokha chilowe. Mkati amayi ankaikamo thonje lolimidwa kwathu kuno ku Balaka, koma ankayamba achotsa njere imodziimodzi, chifukwa njere ikatsala mbewa zimaboola chidole poifuna. Manja ndi miyendo ankazimangirira ndi mabatani awiriawiri ndi ulusi wolimba wodutsa m'thupi kuti ziziyenda. Pa chidole cha khanda sankaika maso a mabatani, poopa kuti lingameze, koma ankapeta maso ndi ulusi wakuda. Chidole chimodzi chinkawatengera madzulo atatu.

Nanga malipiro ake? Anthu a pamsika ankafuna kugula pa mtengo wa sopo. Cha m'ma 2004 mkulu wina wa ku tauni anayamba kudzapikula pa K200 chimodzi. Ine ndili ku Blantyre ndinazipeza zidole zomwezo m'sitolo ina yogulitsa zinthu kwa alendo, zitalembedwa K1,500. Ndinazizindikira ndi kapetedwe ka mphuno. Panali kapepala kachingerezi konena kuti zinapangidwa ku Malawi, koma dzina la amayi panalibe. Nditawauza anangoti, "Mwananga, bola akumagula." Ine sindinakabwererenso kusitoloko kukafunsa kanthu.

Choipitsitsa chinadza atamwalira m'chaka cha 2011. Kunali manong'onong'o kale akuti mayi wopanda mwana, wolumala, wochezera usiku kusoka tianthu ndi tinyama, sangalephere kukhala ndi kanthu. Tsiku logawa katundu wa malemu amalume analamula kuti dengu lonse la zidole, pamodzi ndi makatoni a mapatani, likatenthedwe kudzala. Ine ndinali pomwepo, munthu wopita kusukulu, wodziwa kuti lamulo la dziko lino la 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti. Ndinangoti, "Amalume, kodi n'koyenera?" Iwo atandiyang'ana ndinatseka pakamwa. Ndinabisa kanjovu kamodzi m'jekete basi. Ntchito ya zaka zoposa makumi awiri inanyeka pa mphindi zochepa. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma ife tinaona mwendo, luso osaliona.

Patapita zaka ndinawerenga mbiri ya mayi wina wa ku Germany, ndipo ndinachita manyazi koposa. Margarete Steiff anabadwa mu 1847 m'tauni yaing'ono ya Giengen. Naye anadwala poliyo ali khanda, nakhala pa njinga ya olumala moyo wake wonse. Dzanja lake lamanja linali lofooka, choncho anatembenuza makina kuti azipukusa ndi lamanzere. Mu 1880 anasoka kanjovu kansalu kobayapo masingano, koma ana anakakonda nakasandutsa chidole. Mu 1902 Richard Steiff, mwana wa mlongo wake, anakonza chimbalangondo choyenda manja ndi miyendo. Chaka chotsatira, pa chionetsero cha malonda ku Leipzig, wamalonda wa ku America anaitanitsa 3,000 nthawi imodzi. Pofika 1907 fakitale ya mayi wolumala uja inasoka zimbalangondo pafupifupi miliyoni imodzi m'chaka chimodzi chokha.

Dzina lakuti teddy linachokera kwa Theodore Roosevelt, mtsogoleri wa dziko la America, amene mu Novembala 1902 anakana kuwombera chimbalangondo chimene anzake osaka anamumangirira kumtengo ku Mississippi. Wojambula Clifford Berryman anaika nkhaniyi m'nyuzipepala, ndipo banja la Michtom ku Brooklyn linasoka chidole nkuchitcha dzina la mtsogoleriyo. Lero kuli anthu osonkhanitsa zidole zotere monga ena amasonkhanitsira ng'ombe. Mu Disembala 1994, ku Christie's mumzinda wa London, chidole chakale cha Steiff chotchedwa Teddy Girl chinagulidwa pa mapaundi 110,000 ndi munthu wa ku Japan. Chinali cha msilikali wina, Bob Henderson, amene anakhala nacho kuyambira ubwana mpaka imfa yake.

Tiyeni tifunse bwino, abale anga. Kodi mapaundi onsewo anagula chiyani? Nsalu yake inali yakale, yopangidwa ndi ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, ubweya umene wambiri lero umachokera ku Africa konkuno, ku South Africa ndi ku Lesotho. Chimene chinagulidwa ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina la wopanga, pakuti kuyambira 1904 a Steiff amakhomera kabatani kachitsulo kukhutu kwa chidole chilichonse kuti wina asanamizire. Chachiwiri ndi mbiri, kudziwa kuti chinali cha yani ndipo chinayenda kuti. Chachitatu ndi chisamaliro, kuti panali anthu amene sanachitaye kwa zaka pafupifupi 90. Zitatu zonsezi sizifuna fakitale kapena ngongole ya kubanki. Ndipo zitatu zomwezi ndi zimene ife tinawamana amayi: dzina tinalola lifafanizidwe, mbiri tinaisandutsa ufiti, chisamaliro chathu chinali moto.

Ndikudziwa kuti wina ati, "Iwe, anthu akugona ndi njala, ukutiuza za zidole?" Yankho langa ndi lakuti zidole zomwezo ndizo zinandigulira makope ndi kundilipirira mayeso a Fomu 2. Kwa munthu amene sangagwire khasu, singano ndiye khasu lake. Zidutswa zimene telala amasesa n'kutaya sizigulidwa, thonje timalima tokha, ndipo alendo opita ku Liwonde National Park amadutsa pakhomo pathu penipeni. Wonena za njala ayenera kukhala woyamba kuteteza ntchito yotere.

Wina ati, "Kaunjika ngwotchipa, wosauka agule chiyani?" Pamenepa ndivomera. Sindikunena kuti kaunjika aletsedwe, ngakhale jekete limene ndinabisamo kanjovu kaja linali la kaunjika. Chimene ndikukana ndi mtima wotipangitsa kulipira mwaulemu chinthu chimene mwana wa ku Ulaya anatopa nacho, koma kuseka chatsopano chimene mwana wa mnansi wathu wachezera. Pa belo paja bambo uja sananenerere. Pakhonde paja munthu ananyoza asanakhudze n'komwe. Umenewo si umphawi wa m'thumba ayi, ndi kudzikayikira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Komanso ndili ndi mawu kwa osoka eni ake. Lekani kungotengera chimbalangondo. Nyama imeneyi kuno kulibe, ambirife tinangoimva m'Baibulo. Pa chimbalangondo simungapose mafakitale akunja amene amatulutsa zikwizikwi patsiku. Taonani, mayi wa ku Germany uja anayamba ndi njovu, nyama imene kwawo kulibe, pamene ife njovu zenizeni timaziona zikumwa madzi mu Shire. Amayi anga anazindikira zimenezi okha, nasiya chimbalangondo, nayamba kusoka njovu, mvuu, fisi ndi kalulu wa m'nthano, ndipo zimenezi ndizo alendo ankazifuna. Mu 1990 mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wopanga galimoto yamawaya. Ana a kunja anaphunzira liwu lathu kudzera m'choseweretsa chimene ife timakalipira ana athu kuti akutaya nacho nthawi. Kodi tidzadikira mpaka liti kuti mlendo ayambe ndiye kutiuza kuti chathu nchokoma?

Tsono kusamala chidole si ntchito yovuta, ndipo ndikunena zimene ndachita ndi kanjovu kaja kuyambira 2011. Sindikaviika m'madzi, chifukwa thonje likanyowa limaundana ndipo mkati mumachita nkhungu. Fumbi ndimachotsa ndi mswachi wofewa, pakada ndimapukuta ndi kansalu konyowa pang'ono n'kuumitsa pamthunzi. Padzuwa sindikaika, chifukwa chitenje chimasuluka. Sindikatsekera m'pepala lapulasitiki, limene limasunga chinyezi, koma ndimakakulunga m'nsalu yoyera n'kukaika pamwamba, kutali ndi chiswe ndi mphemvu. Nyengo ya mvula ikatha ndimakatulutsa kuti ndione ngati njenjete zalowa. Msoko ukamasuka ndimasoka pomwepo ndi manja, osachotsa nsalu yakale, pakuti osonkhanitsa zidole amalemekeza chakale chokhala ndi zipsera kuposa chokonzedwa mpaka kusanduka chatsopano. Ku Lisbon kuli nyumba yotchedwa Hospital de Bonecas, imene yakhala ikukonza zidole kuyambira 1830. Ife chidole chikang'ambika timachiponya kudzala, kenaka n'kumadabwa kuti tilibe chakale chilichonse choonetsa adzukulu.

Mwa ichi ndikupempha zinthu zinayi. Inu osoka, petani dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka pansi pa phazi la chidole chilichonse, ndipo wopikula akafuna kuchotsa, musamugulitse. Inu eni masitolo ndi malo ogona alendo, uzani ogula dzina la wosoka ndipo mumulipire molingana ndi masiku amene wagwira. Inu osunga zakale ku Chichiri, ku Mua ndi ku Mangochi, pitani m'makonde ndi m'midzi mukatole zidole zansalu, zadothi ndi zamawaya pamodzi ndi mayina a ozipanga, iwo akali moyo. Ndipo inu mafumu ndi eni mbumba, pamaliro a munthu waluso musalole kuti miseche igawe katundu. Chidole si chithumwa. Mukachikayikira, chipasuleni pagulu, mupezamo thonje.

Tsiku lija pa Ulongwe ndinalola minibasi ziwiri zindidutse. Ndinawoloka msewu n'kugula kamvuu kamodzi pa mtengo umene mtsikana uja ananena. Kenaka ndinati, "Achemwali, mundilemberepo dzina lanu pansipa." Anandiyang'ana modabwa nati, "Bambo, dzina langa likagwira ntchito yanji?" Ndinamufotokozera za mayi wa ku Giengen ndi za mayi wina amene ankasoka pakhonde lapafupi pomwepo iye asanabadwe. Anatenga ulusi wofiira napeta, ine ndikudikira. Kamvuu kameneko kali pambali pa kanjovu ka amayi tsopano. Kanjovuko kalibe dzina, ndipo ine ndikadzamwalira palibe adzadziwe amene anakasoka, pokhapokha ndilembe ndekha pakansalu n'kusokerera. Ntchito imeneyo ndaiyamba, ngakhale kapetedwe kanga n'kokhotakhota.