Kodi Zam'chimbudzi za M'tauni Mwathu Zimathera Kuti?



Ku madrasa timaphunzitsa ana kuti madzi ochuluka, monga a mumtsinje, amasanduka najisi pamene uve wasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe kake. Lamulo limeneli ndi la wudhu ndi kusamba, koma si umboni woti madziwo ndi abwino kumwa. Tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso ndipo tilibe fungo. Madzi angathe kuyera mbee mu ndowa, chikhalirecho ali ndi matenda.

Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 1,700 anamwalira m'dziko muno, ndipo boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Nthendayi imachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kukalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi kapena chakudya. Tsono funso ndi lakuti: zonyansa za m'tauni mwathu zimathera kuti?

M'matauni ngati Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mabanja ambiri ali ndi zimbudzi zokumba kapena zamadzi zothira m'thanki ya pansi. Thanki ikadzaza timaitana galimoto yopopa, timalipira, ndipo timakondwa kuti fungo lachoka pakhomo. Ndife ochepa amene timafunsa kumene galimotoyo ikukakhuthula. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Zotayidwa m'dambo usiku, mvula imazikokolera kumtsinje.

Malo ake enieni ndi madamu a suweji, amene amakumbidwa mondondozana. Damu loyamba limakhala lakuya, ndipo zolemera zimadikha pansi n'kumaola. M'damu lachiwiri, ndere zimatulutsa mpweya umene umathandiza tizilombo tina tabwino kudya uve wotsala. Madamu omaliza ndi osaya, kuti dzuwa lilowe bwino ndi kupha tizilombo ta matenda. Ulendo wonsewu umatenga masabata angapo madzi asanatulutsidwe kupita kumtsinje. Njirayi sifuna magetsi, koma imafuna chisamaliro. Matope akapanda kuchotsedwa, khoma likagumuka m'dzinja, kapena anthu akachuluka kuposa kukula kwa madamuwo, madzi amangodutsa asanayere.

Taganizirani za mtsinje wa Shire. Umatuluka m'nyanja ya Malawi kufupi ndi tauni ya Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe kupita ku Liwonde. Chilichonse cholowa kumtunda chimakapeza mayi amene akutsuka mbale padoko kumunsi, mwana amene akusambira ndi msodzi amene akutsuka nsomba. Zonyansazi zilinso ngati manyowa: zimakulitsa namasupuni ndi ndere, ndipo zomerazi zikamaola mpweya umachepa m'madzi, nsomba n'kumathawa kapena kufa.

Mtumiki (s.a.w.) analetsa kudzithandiza pamalo pamene anthu amatungapo madzi. Kodi amene walipira galimoto kuti ikatayire zonyansa zake m'khwawa akusiyana pati ndi amene wachita zimenezi ndi thupi lake?

Tiyambe ndi pakhomo pathu. Tisanapereke ndalama, tiyeni tifunse woyendetsa galimoto kumene akupita, ndipo ngati yankho lake silikumveka tisake wina. Chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime ndi mamita 30 kapena kuposerapo. Makomiti a mizikiti aone kumene zimbudzi zimene timadzazana tsiku la Jumu'a zimakhuthulira. Akatero apite limodzi kwa khansala wa dera lawo kukafunsa ngati tauniyo ili ndi malo otayirako, nanga anakonzedwa liti. Podikira mayankho, madzi akumwa a mumtsinje kapena m'nyanja tiziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a kolorini, makamaka nyengo ya mvula ikayamba.

Allah atiteteze ife ndi ana athu, pamodzi ndi anansi athu a kumunsi kwa mtsinje. Wassalaam.