Wodulira Mitengo Ayambe Waphunzira Asanakwere

Caka ndi caka, mvula yoyamba ya mwezi wa November ikadza ndi mphepo yace, mitengo imagwera nyumba, masukulu ndi mawaya a magetsi m'maboma ndi m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa. Yambiri mwa mitengo imeneyi si yomera yokha ai. Ndi bulugamu, malaina ndi mango amene makolo anabzala pafupi ndi khonde zaka makumi angapo zapitazo, ndipo lero yapitirira denga. Mwini nyumba amaiona nthambi yoweramira pa malata ace tsiku ndi tsiku, koma munthu wodziwa kuicotsa samupeza. Potsiriza amaitana mnyamata ali yense wa nkhwangwa, nampatsa ya sopo, ndipo kawirikawiri nkhani yace imathera pa malata ophwanyika kapena pa bedi la kucipatala.

Pamenepa pali nchito imene acinyamata a ku Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, Chadiza ndi Lundazi angadyetse nayo mabanja ao. Koma iyenera kuonedwa ngati luso, monga ukalipentala kapena umakanika, osati ganyu ya munthu wosowa cocita. Wogwetsa mitengo ndi wodulira mitengo ndi anthu awiri osiyana. Wogwetsa amalandira ndalama kamodzi, natsala ndi citsa. Wodulira bwino amasiya mtengo uli wamoyo, mthunzi ulipo, zipatso zikubala, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mwini wace amamuitananso. Cuma ca bizinesi yotere ndi mitengo imene yatsala ciimire.

Luso loyamba ndi la kudula nthambi yaikulu. Munthu wosadziwa amayamba kuceka pamwamba, ndipo nthambi ikalemera imathyoka nisenda khungwa la thunthu mpaka pansi. Bala lotere silipola msanga. Madzi amalowa, ciswe cimatsatira, ndipo mtengo umayamba kuola m'kati eni ace osadziwa. Wodziwa amaceka katatu. Poyamba amaceka pang'ono kunsi kwa nthambi, pafupifupi masentimita 30 kucokera pa thunthu. Kenaka amaceka pamwamba, patsogolo pang'ono pa pamene anayamba, kufikira nthambi itagwa. Potsiriza amacotsa kacitsa kotsalako, koma osasalaza mofanana ndi thunthu. Pamene nthambi imakumana ndi thunthu pali kamkombero kotupa, ndipo ndi kameneko kamene kamatseka bala. Kakadulidwa, mtengo umasowa copolera. Kale anthu ankapaka penti kapena phula pa bala, koma akatswiri a mitengo anapeza kuti zimenezi sizithandiza, ndipo nthawi zina zimasunga cinyezi m'kati. Bala loceka bwino lisiyidwe liume lokha.

Palinso cizolowezi coipa codula mutu wonse wa mtengo, kusiya cimtengo cokhala ngati mzati. Eni nyumba ambiri amapempha zimenezi poganiza kuti atha mabvuto. Zimene zimaphuka pamenepo ndi timphukira tambiri tosalimba, timene timakula msanga ndi kuthyoka msanga. Pa nyengo imodzi munthu asacotse koposa gawo limodzi mwa magawo anai a nthambi zamasamba. Mango adulidwe zipatso zitangotha, ca m'January kapena February, osati m'nyengo yozizira pamene ali ndi maluwa. Mmisiri weniweni amalimba mtima kuuza mwini mtengo kuti cimene wapempha n'colakwika, ngakhale ndiye wolipira.

Pamene mtengo waola ndithu ndipo uyenera kugwa, mbali yogwera isankhidwe munthu asanagwire sowo. Amasema kamwa ku mbali imeneyo, kuya kwace pafupifupi gawo limodzi mwa anai a kunenepa kwa thunthu, kenaka amaceka kumbuyo pamwamba pang'ono, kusiya kamzere ka mtengo kosadula kamene kamauwongolera pogwa. Njira yothawira ikhale yolambula kale. Anthu oonerera, makamaka ana amene sacedwa kusonkhana akamva kulira kwa makina, akhale kutali koposa kawiri utali wa mtengowo.

Ngozi za nchito imeneyi n'zosaseketsa. Munthu asakwere mtengo ali yekha. Pansi pakhale mnzace wogwira cingwe ndi woitana anthu zinthu zikabvuta. Wokwera amange cingwe colimba m'cuuno, abvale cisoti, magalasi ochinga maso ndi nsapato zolimba. Asanakwere ayang'ane m'mphako, cifukwa njuci ndi mabvu agwetsa anthu amene nthambi sizikanawagwetsa. Makina a chainsaw amagwidwa ndi manja onse awiri, ndipo nsonga yace ikakhudza mtengo mosayembekezeka amadumphira kumaso kwa mwini wace. Za mowa n'zosacita kunena. Ndipo pamene nthambi zayandikira mawaya a magetsi, nchito isayambe a ZESCO asanauzidwe. Mtengo wauwisi umayendetsa magetsi, ndipo munthu angafe osakhudza waya ndi dzanja lace. Palibe mtengo wa nchito umene ungalipire maliro.

Za malamulo nazo zisaiwalike, pakuti ambiri amaganiza kuti mtengo wa kuthengo ulibe mwini. Lamulo la za nkhalango la 2015 limanena kuti mitengo ya m'malo a mafumu, m'nkhalango za boma ndi m'malo a boma ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, kufikira itaperekedwa kwa munthu mwalamulo. Cotero wofuna kugwetsa mukwa, mbawa kapena mtengo wina wa matabwa, ngakhalenso kunyamula matabwa ndi makala pa mseu kukagulitsa, ayenera kuyamba wapita ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma pace kukafunsa cilolezo. Mukula ndiye wobvuta koposa, pakuti kuyambira 2019 malonda ace a kunja amayang'aniridwa ndi pangano la maiko la CITES. Mnyamata amene wangoyamba bizinesi asalole kunyengedwa ndi anthu a magalimoto akulu amene amadza usiku ndi ndalama m'manja. Iwo amapita, wogwidwa ndi sowo ndiye amatsala. Mitengo ya m'mbali mwa miseu ya m'tauni ndi ya khonsolo. M'mudzi, nyakwawa ayambe wamva, ndipo mitengo ya kumanda siikhudzidwa popanda mau a akulu-akulu. Mtengo wa m'malire a anthu awiri umafuna kuti onse awiri abvomere, apo ai wodulayo ndiye amakhala mboni ndi wolakwa pa mlandu umodzi.

Cinyanja cili ndi liu limodzi la mtengo wa kuthengo ndi mtengo wa pa msika, ndipo acinyamata ambiri amadziwa woyamba naiwala waciwiri. Kuchula mtengo wa nchito munthu asanaone mtengo wodulawo ndi kudzibera wekha. Apite, auzungulire, aone cimene cili pansi pace, kaya ndi nyumba, cimbudzi, khola kapena mpanda, pakuti nthambi yotsitsa ndi cingwe pang'ono-pang'ono imadya tsiku lathunthu pamene yogwera pabwalo imatha mmawa umodzi. Awerengere petulo, mafuta a cheni, malipiro a womthandiza, ulendo, ndi kutha kwa zida. Zimene agwirizana zilembedwe pa pepala: nthambi ziti zidzacoka, ndani adzasesa, nkhuni zidzakhala za yani, ndipo lata likaphwanyika adzalipira ndani. Mikangano yambiri imabuka pa nkhuni, cifukwa mwini nyumba amaziyesa zace pamene wodula anaziwerengera ngati gawo la malipiro.

Poyamba sipafunika makina odula. Sowo yamanja yakuthwa, cikwanje, nkhwangwa, zingwe ziwiri zabwino ndi makwerero n'zokwanira pa mango ndi mitengo ina ya pakhomo. Chainsaw idze pamene buku la ndalama laonetsa kuti nchito ilipo yoilipira, ndipo munthu agule mtundu umene zitsulo zace zimapezeka ku Chipata kapena ku Lusaka. Makina ambiri a masiku ano amafuna mamililita 100 a mafuta ace pa malita 5 a petulo, koma buku la makinawo ndilo lotsatira. Petulo wopanda mafuta amapha injini tsiku lomwelo, ndipo cheni yobuntha imatopetsa munthu ndi kumwa petulo pacabe. Pa phindu liri lonse pacotsedwe kangacepe kosungira cheni ndi tupa, ndalama imeneyo isasakanizidwe ndi ya ndiwo.

Masukulu, zipatala, machalichi ndi makhonsolo ndiwo ali ndi mitengo yaikulu ndi ndalama zolipira, koma amafuna mapepala. Dzina la bizinesi lilembetsedwe ku PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN itengedwe ku ZRA, ndipo wolemba anzace nchito awalembetse ku NAPSA ndi ku Workers' Compensation Fund Control Board, kuti wobvulala asakhale katundu wa amai ace okha. Kuyambira 2022, pamene thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iri yonse, magulu a acinyamata olembetsedwa ali ndi khomo lopemphera thandizo ndi ngongole. Gulu la anthu asanu lingagule makina amodzi ndi zobvala zodzitetezera, cimene munthu mmodzi sakanatha. Makomiti oona za CDF angacite bwino kufunsa gulu lotere ngati mwa iwo muli amene anaphunzirako kwa alangizi a za nkhalango asanawapatse ndalama ya makina, pakuti chainsaw m'manja mwa munthu wosaphunzira imathera ku makala.

Nao aphunzitsi akulu ndi alembi a makhonsolo aleke kufuna wochipa yekha. Afunse zingwe, afunse cisoti, afunse kumene munthuyo anagwirapo nchito, ndipo apite akaone mitengoyo ngati ikali moyo. Miyezi ya September ndi October ndiyo yoyendera mitengo ya pa sukulu ndi pa cipatala, nthaka ikali youma ndipo mphepo ya mvula isanafike.