ZA UMOYO PA BANJA: Kamafuta ka pa dzino lomatidwa

Ambirife tikamva kuti dzino la mwana labooka timangoganiza zokazulitsa basi. Komatu dzino likakhala kuti silinaonongekeretu, dotolo wa mano angathe kulimata. Ulendo uno tikambirane za kanthu kamene timakapeputsa, ndiko kamafuta kamene dotolo amapaka pamwamba akangotsiriza kumata.

Chimodzi mwa zomatira zofala chimatchedwa glass ionomer. Anachitulukira ndi Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, ndipo anachilengeza m'chaka cha 1972. Ndi ufa wa galasi wopera bwino umene amausakaniza ndi timadzi ta asidi. Chimagwirana chokha ndi dzino, komanso chimatulutsa pang'onopang'ono mankhwala a fluoride amene amalimbitsa dzinolo. M'zaka za m'ma 1980, dotolo wa ku Holland, Jo Frencken, ali pa ntchito ku Tanzania, anayambitsa njira yokokota pobookapo ndi tizida ta m'manja popanda makina a magetsi, kenaka n'kumata. Njirayi anaiyesanso ku Zimbabwe ndi ku Thailand. M'chaka cha 2021 bungwe la WHO linaika chomatirachi pa mndandanda wa mankhwala ofunika.

Tsono vuto lake ndi madzi. Chomatirachi chimaoneka cholimba pakangotha mphindi zochepa, koma m'kati mwake ntchito imakhala isanathe. Calcium ndiye amayamba kumanga, ndipo aluminium, amene amapereka mphamvu yeniyeni, amatsatira mochedwa m'tsiku lonse loyamba, mpaka kukhwima kwake kumapitirira kwa miyezi. Malovu akachifikira msanga amakokolola mchere umenewu usanagwire. Pamwamba pamasanduka potuwa ngati choko, ndipo pamaperepeseka msanga.

Apa wina anganene kuti, ndiye chingoumitsidwa gwaa. Ayi ndithu. Chomatirachi chili ndi madzi akeake amene ndi mbali ya thupi lake, ndipo akauma chimachita ming'alu. Amayi oumba mbiya akulidziwa bwino vutoli. Mbiya yaiwisi mukaisiya pamvula imasungunuka, mukaiika padzuwa la Okotobala imang'aluka, n'chifukwa chake amaiumitsira pamthunzi. Kamafuta kaja ndiko mthunzi wake: kamatsekera kunja malovu, n'kusunga madzi a m'kati.

Zopakazo zili mitundumitundu. Yotchipa ndi Vaseline yemweyu, amene dotolo amapaka ku chala chovala magulovu n'kudinikiza nacho chomatiracho kuti chilowe m'timakwalala ta dzino. Kuipa kwake ndi kwakuti lilime limamuchotsa msanga, ngakhale amateteza nthawi yoopsa kwambiri ija ya poyambirira. Pali vanishi, amene akauma nthawi zina amasiya tizibowo. Palinso utomoni umene amauumitsa ndi katochi ka kuwala kwa buluu, ndipo uwu ndiwo umakhalitsa, koma ndi wodula ndipo umafuna katochiko. Ife tikuona kuti m'zipatala za kumidzi Vaseline si wonyozeka konse. Choipa ndi kumata popanda kupaka kalikonse.

Mbali yathu makolo ndi iyi. Mwana akatuluka kwa dotolo amamva ngati m'kamwa muli chinthu chachilendo, ndiye amayamba kunyambita kapena kutokosa ndi kamtengo. Tim'letse. Asadye kanthu kwa ola lathunthu, ndipo tsiku limenelo nzimbe, chimanga chokazinga ndi mtedza zidikire kaye, ngakhale alire bwanji. Mswachi tisausiye, koma pomatidwapo tizidutsapo mopepuka mpaka m'mawa mwake. Ndipo ngati patapita masiku tiona kuti potero patuwa, pang'aluka, kapena mwana akumva kuwawa akamwa madzi ozizira, tibwerere naye ku chipatala dzino lisanabookenso pansi pa chomatiracho.