Zambezi si wa alendo okha

Akonzi,

Ndikutsutsa amene analemba sabata yatha kuti kanema wa anthu osambira mu Zambezi n'zosangalatsa alendo basi. Inde, alendo amasambira pa Devil's Pool madzi akaphwera. Koma bamboyo abwere adzaone Maramba, mtsinje wodutsa m'tauni yathu ino n'kukathira mu Zambezi: mapulasitiki, zinyalala ndi namasupuni zili mbwee!

Mu February 2025 asidi wochokera kumgodi anapha nsomba mu Kafue. Tidikire tsoka lotere kuno? Mathithi a Mosi-oa-Tunya analowa m'kaundula wa UNESCO mu 1989, koma kutchuka sikuyeretsa madzi.

Kanemayu aonetsedwe m'masukulu ndi m'misika ya Maramba ndi Dambwa, m'Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja. Wosamba mumtsinje ndiye amayamba kuuteteza.

Wowerenga wokhudzidwa,
Livingstone