Ufulu ndi Mwambo pa Sukulu za Kumudzi

Pali mkangano umene sukutha pakati pa aphunzitsi ndi ophunzira m'sukulu za sekondale zoyendera ndiponso m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Aphunzitsi ambiri akuti mwambo udafa tsiku limene mau akuti "ufulu" adaloŵa m'kalasi. Ophunzira nawo akuti chimene akulu akuchitcha mwambo nthaŵi zambiri ndi nkhanza chabe. Ine ndikuona kuti onse aŵiri akuloza pamene pali bala, koma mankhwala ake akuŵasoŵa. Tiyeni tsono, aŵerengi, tiiunike nkhaniyi modekha.

Poyamba tikumbukire kumene tachokera. M'nthaŵi ya Dr. H. Kamuzu Banda mwana aliyense ankadziŵa ngodya zinayi: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Wolakwa ankalandira chikoti, ndipo sankayembekeza kufunsidwa mbali yake. M'chaka cha 1993 Amalaŵi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo mu 1994 tidalandira Malamulo Aakulu atsopano. Chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana nkudzaza m'makalasi. Pambuyo pake malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, ndipo mu 2015 boma lidatsegula koleji yoyamba ya ntchito zamanja ya m'dera ku Ngara, m'boma la Karonga. Ophunzira ambiri a m'sukulu zotere amagona kwawo, ndipo ena mwa iwo ndi anthu akuluakulu ndithu. Kuŵalamulira monga tinkalamulira ana ogonera pa sukulu zaka makumi anayi zapitazo sikungatheke.

Kodi ufulu umene ukunenedwawo ndi wotani? Gawo 25 la Malamulo Aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa. Gawo 43 limanena kuti munthu amene chigamulo cha akuluakulu a boma chamukhudza ayenera kuweruzidwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zake polemba. Kuyambira 1993 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera ku sukulu akabereka. Ndipo mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Woweruza Zione Ntaba, lidagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mukayang'anitsitsa zonsezi mudzaona ulusi umodzi: lamulo likufuna kuti mwana akhale m'kalasi. Palibe gawo limene limapatsa wophunzira ufulu wotukwana mphunzitsi, wothaŵa phunziro kapena woswa magalasi. Ndiponso Gawo 44 limavomereza kuti ufulu uli ndi malire, malinga malirewo akhale oikidwa ndi lamulo ndi oyenera.

Tsono tibwere kuno kwa Makhuwira, kum'maŵa kwa mtsinje wa Shire. Mitsinje monga Nkhate ndi Livunzu imatsika kuchokera ku mapiri a Thyolo, ndipo mvula ikagwa kumtunda imadzaza mwadzidzidzi. Wophunzira amene wadikira kutsidya kuti madzi aphwe amafika mochedwa. Ngati lamulo la pa sukulu likuti wochedwa aliyense akalime kuseri kwa makalasi kufikira nthaŵi yopuma, ndiye kuti mwanayo wataya phunziro loyamba chifukwa cha mtsinje, lachiŵiri ndi lachitatu chifukwa cha ife aphunzitsi. M'mwezi wa Okotobala, pamene dzuŵa la m'chigwa muno limaotcha ngati moto, kukumbitsa mwana dzenje masana ndi kuika moyo wake pachiswe. Tisaiŵalenso kuti madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adaononga chigwa chino, ndipo makalasi ambiri adasanduka malo ogona anthu othaŵa madzi. Masiku ophunzira kuno ndi ochepa kale. Koma mayeso a MANEB ndi amodzimodzi kwa mwana wa kuno ndi mwana wa mumzinda wa Blantyre. Nchifukwa chake ndikuti chilango chilichonse chochotsa wophunzira m'kalasi chiyenera kukhala chotsiriza, zina zonse zitalephera.

Komatu inu ophunzira musaombe m'manja msanga. Ufulu wa maphunziro suli wanu nokha. Uli wa mnzanu amene wakhala pambali panu. Mukasokosa m'kalasi, mwamubera phunziro. Mukazembetsa buku limodzi limene anthu khumi akudalira, mwalanga anthu asanu ndi anayi osalakwa. Pa koleji ya ntchito zamanja, wophunzira ukalipentala amene wabisa sowo kapena wophunzira zosoka amene waononga makina mwadala watseka njira ya onse obwera pambuyo pake. Sukulu zambiri zoyendera zidamangidwa ndi njerwa zimene makolo anu adaumba ndi manja awo. Pamene ophunzira akwiya nkutentha ofesi kapena laibulale, monga zamvekera m'sukulu zina m'dziko muno, amene adzasonkhenso ndalama ndi mayi yemwe uja wogulitsa mpunga wa ku Nkhate. Dandaulo lingakhale loona, koma moto suliyankha.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, malamulo a pa sukulu alembedwe momveka, m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, ndipo aŵerengedwe pamaso pa makolo, komiti ya sukulu ndi mafumu poyamba pa chaka. Cholakwa chilichonse chikhale ndi chilango chake chodziŵika, kuti mphunzitsi asalange molingana ndi mkwiyo wa tsikulo. Chachiŵiri, wophunzira asaimitsidwe sukulu asanamvedwe. Ngakhale pa bwalo la amfumu, woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata wolankhula ndi kuitana mboni. Sukulu isachepere bwalo la m'mudzi pa chilungamo. Kholo liitanidwe, ndipo zifukwa zilembedwe m'kalata. Chachitatu, ntchito ya chilango igwiridwe maphunziro atatha, ndipo igwirizane ndi cholakwacho: woswa desiki alikonze, wodetsa khoma alitsuke. Chachinayi, ophunzira asankhe okha atsogoleri awo amene azikumana ndi mphunzitsi wamkulu mwezi ndi mwezi, pakuti mkwiyo umene ulibe khomo lotulukira umaboola denga. Chachisanu, lamulo ligwire onse. Mphunzitsi wofika mochedwa alibe nkhope yolangira wochedwa, ndipo mphunzitsi wofunsira mtsikana wa sukulu waphwanya mwambo koposa mwana aliyense. Mtsikanayo adziŵe kumene angakanene popanda mantha olephera mayeso.

Ena adzati njira zimenezi nzochedwa, ndipo mphunzitsi wa kalasi lodzaza alibe nthaŵi yozenga milandu. Kunena zoona, chikoti nchofulumira. Koma chimene chimaphunzitsa nchakuti wamphamvu ndiye wolungama, ndipo mwana wophunzira zimenezo adzazichita kwa mkazi wake, kwa ana ake ndi kwa antchito ake. Wophunzira amene adamvedwa asanalangidwe waphunzira chinthu chimene sichili m'silabasi: kuti lamulo lili pamwamba pa iye ndi pa mphunzitsi yemwe. Akulu adati m'mera mpoyamba. Nzika zimene tikuzifuna maŵa tikuziumba lero pa mzere wa m'maŵa ndi mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

M'gawo lotsatira tidzaona udindo wa makolo ndi mafumu pa mwana amene wasiya sukulu.